Kuima pa kauntala ya sitolo ya mfuti ku Joni: malangizo kwa mnzanga woyamba kumene

Anthu akwathu akamva kuti ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mfuti, amayamba aseka, kenako amatsitsa mawu n'kufunsa ngati ndingawapezere kamodzi kotchipa. Ambiri amaganiza kuti kuno mfuti amagula ngati mmene timagulira njinga ku Fordsburg, kupereka ndalama n'kunyamula. Ndalemba izi chifukwa cha mphwanga wina wa ku Ntcheu amene wakhala akunyamula makatoni kuseri kwa sitolo ya zinthu za alenje cha ku East Rand, ndipo abwana ake amuuza kuti akufuna kumukweza aziima kutsogolo. Zimene ndinamuuza Lamlungu lija tikudya nsima ku Rosettenville ndi zomwezi, kungoti pano ndazisanja bwino.

Choyamba, mapepala anu enieni

Musanalote zogwira mfuti ya kasitomala, yang'anani chimene chili m'pasipoti mwanu. Lamulo loyendetsa zonsezi ndi Firearms Control Act, nambala 60 ya chaka cha 2000, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2004. Lamuloli limati aliyense wogulitsa mfuti kapena zipolopolo m'malo mwa mwini sitolo akhale ndi satifiketi yakeyake yosonyeza kuti ndi woyenera kuchita malonda amenewa. Ya abwana siikuphimbani inu. Ndipo satifiketi imeneyi, imene aliyense kuno amangoitchula kuti competency, amapatsa munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo, amene ndi nzika ya South Africa kapena ali ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale. Pemiti ya ntchito siikwanira, pepala la asylum silikwanira, nanji masiku 30 aja amatidindira pa Beitbridge.

Ndikudziwa kuti apa pagwa ambiri. Koma m'masitolo amenewa muli ntchito zina. Muli matenti, nsapato za kutchire, mipeni, mabainokyula, majekete, mafuta opukutira mfuti. Ine ndinayambira komweko, zaka zingapo ndikugulitsa masokosi ndi matochi, mpaka mapepala anga atakhala bwino. Abwana amene angakuuzeni kuti "ingomupatsa bokosi la zipolopololo, palibe akuona" mulibe competency, akukuikani pa msampha umene iwo sadzakodwamo nanu limodzi.

Ngati mapepala alipo, njira yake ndi iyi. Mumapita kwa ophunzitsa ovomerezeka, mukaphunzira kaye za lamulo, phunziro lodziwika ndi nambala 117705. Kenako mumaphunzira kagwiritsidwe ntchito ka mtundu uliwonse wa mfuti: 119651 ndi ya raifo yokoka pamanja, 119652 ndi ya shotigani. Pali mayeso olemba ndi kuwombera kwenikweni. Mukapambana, mumadzaza fomu ya SAPS 517 n'kukapereka kwa wapolisi woona za mfuti, amene amamutcha DFO, pa polisi ya dera limene mumakhala. Amakudindani zala, ndipo nthawi zambiri amafuna kumva kwa akunyumba kwanu ndi anthu okudziwani kuti ndinu munthu wotani. Chigamulo chimachokera ku Pretoria, ku Central Firearms Register. Mlandu wa ndewu, wa nkhanza za m'banja kapena wa mankhwala ozunguza bongo ukhoza kukutsekerani chitseko. Ndiye ngati muli ndi chizolowezi chokweza dzanja kunyumba, ntchito iyi iwalani.

Chachiwiri, manja aphunzire mutu usanaganize

Mfuti iliyonse ili ndi chipolopolo mpaka inu mwini mutaona ndi maso kuti ilibe. Izi aliyense amaziloweza tsiku loyamba, koma kuzikhulupirira kumabwera mochedwa.

Ine ndinazikhulupirira Loweruka lina m'mawa. Kunabwera bambo wachikulire ndi raifo ya .303 yakale ya malemu abambo ake, atainyamula m'chikwama cha chikopa chothetheka, akufuna tiisunge kwinaku akukonza za chiphaso cha mfuti ya masiye. Anaiika pa kauntala n'kunena kuti yakhala m'sefa, kabati yachitsulo yokiya, zaka zambirimbiri, ilibe kanthu. Sitolo inali yodzaza, ndipo kunena zoona ndinatsala pang'ono kuinyamula choncho kupita nayo kuseri. Dzanja lokha ndi limene linakoka bolt, chitsulo cholowetsa ndi kutulutsa chipolopolo, chifukwa cha chizolowezi. Chipolopolo chobiriwira ndi dzimbiri chinatumphuka, n'kugwera pa galasi la kauntala, n'kugubuduka mpaka pamene panali chikwama cha mayi wina. Sitolo yonse inati zii. Bamboyo anangogwira pakamwa. Sananame, ankakhulupiriradi kuti mulibe kanthu.

Ndiye chitani motere nthawi zonse, ngakhale mfutiyo mwaichotsa nokha m'katoni ya ku fakitale. Lozetsani mpope wa mfuti kumene kulibe munthu, chala chikhale kutali ndi chokhethemulira. Chotsani magazini, kabokosi kokhala zipolopolo, ngati ili yochotseka. Tsegulani bolt, kapena thyolani shotigani pakati ngati ndi yothyola. Yang'anani m'kati, pisanimo chala. Mukatero perekani kwa kasitomala ili chotsegula, ndipo akakubwezerani yambiraninso poyamba. Kasitomala akayamba kuizunguza uku ndi uku ngati mpini wa khasu, gwirani mpope modekha n'kumusonyeza khoma limene sitolo inasankha kuti anthu aziyesererapo. Musachite manyazi ngakhale ali mlenje wa imvi. Amene amaidziwa bwino mfuti sakwiya akakumbutsidwa.

Chachitatu, dziwani katundu wanu kudzera ku nyama

Kwathu ambiri tinakula tikungomva za gogodela ya agogo, yothira onga kukamwa. Kuno mukaima kutsogolo kwa mfuti makumi angapo zopachikidwa pakhoma mutu umazungulira. Njira imene inandithandiza ine ndi kusiya kuloweza manambala n'kuyamba kufunsa kuti: iyi ndi ya nyama yanji?

Raifo ili ndi mizere yopotana m'kati mwa mpope, imene imazunguza chipolopolo chimodzi kuti chipite kutali mowongoka. Shotigani m'kati mwake ndi mosalala, ndipo imamwaza timipira tambiri pafupi. Chifukwa chake ya mbalame zouluka, nkhanga, njiwa, abakha, ndi ya masewera owombera timbale tadothi toulutsidwa ndi makina, ndi shotigani. Ya nyama yoima patali ndi raifo.

Pa maraifo, .22 LR ndi kakang'ono kophunzirira ndi kosakira tinyama ngati akalulu. Ya .243 Winchester siikankha phewa kwambiri, ndiye amaikonda pa springbok, blesbok ndi nswala, komanso pophunzitsa achinyamata. Zimene zimatuluka kwambiri ndi .308 Winchester, .30-06 ndi .270, chifukwa munthu wa mfuti imodzi akhoza kusakira nayo kuyambira nswala ndi njiri mpaka ngoma ndi nyumbu. Wofuna njati, alenje ambiri amayambira pa .375 H&H, imene inatuluka mu 1912 ndipo mpaka lero siinakalambe. Mudzakumananso ndi 7x57 ndi .303 zambiri zakale, zimene mabanja akuno amasiyirana ngati mmene ife timasiyirana munda. Mayina a opanga muwazolowera msanga: Musgrave ndi ya konkuno, CZ ndi ya ku Czech Republic, Howa ya ku Japan, Tikka ndi Sako za ku Finland, Beretta ya ku Italy. Zipolopolo za PMP zimapangidwa ku Pretoria.

Shotigani ili ndi kawerengedwe kake kosokoneza, nambala ikamakula mpope umachepa. Ya 12 ndi yaikulu kuposa ya 20. Chiyambi chake n'chakuti timipira 12 ta mtovu tokwana ndendende mu mpope umenewo timalemera paundi imodzi. Pali zinthu ziwiri zimene muyenera kuzigwira ngati pemphero. China, utali wa chemba, malo amene chipolopolo cha shotigani, katiriji, chimakhala: shotigani yolembedwa 70 mm musaigulitsire makatiriji a 76 mm, ngakhale amalowa, chifukwa potseguka amasowa malo ndipo mphamvu imachuluka moopsa. Chinacho, katiriji ya 20 ikalowa mu mfuti ya 12 imatsetsereka n'kukakhala m'kati mwa mpope, kutsogolo kwa chemba, munthu n'kuganiza kuti sanaikemo kanthu, n'kuika ina ya 12 pambuyo pake. Mpope umaphulika. N'chifukwa chake ambiri opanga amapaka za 20 utoto wachikasu, ndipo inu musalole kuti kasitomala asakanize mitundu iwiriyi m'thumba limodzi.

Musadalire zimene kasitomala akukumbukira. Kaliba, kutanthauza kukula kwa chipolopolo cha mfutiyo, imalembedwa pa mpope ndi pa chiphaso. Munthu akhoza kunena kuti "ndipatseni za 30" pamene .308 ndi .30-06 n'zosiyana, ina chikhokho chake ndi 51 mm, inayo 63 mm. Safunsa anadya phula, funsani kawiri.

Nyengo ya malonda ndi yozizira. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti alenje ofuna biltong, nyama youmitsa, amakhamukira ku mafamu a ku Limpopo, North West ndi Free State, ndipo Lachinayi ndi Lachisanu sitolo imadzaza ndi anthu ofuna zipolopolo mwachangu. Ambiri ndi olankhula Chiafrikaans. Phunzirani mawu ochepa: haelgeweer ndi shotigani, patrone ndi zipolopolo, ndipo bambo wamkulu mukamuti "Oom" nkhope imamasuka ngati mmene amamasukira wakwathu mukamuti malume.

Chachinayi, funso loyamba kwa kasitomala

Musayambe ndi mtengo. Yambani ndi kufunsa kuti mfutiyo akufuna kuchita nayo chiyani, chifukwa yankho lake ndi limene likusonyeza gawo la lamulo limene adzapemphere chiphaso, ndipo gawolo ndi limene likunena mfuti zimene angaloledwe.

Gawo 13 ndi la kudziteteza. Limalola mfuti imodzi yokha, ya m'manja kapena shotigani yosadzikoka yokha (yodzikoka yokha ndi imene imadzilowetsera chipolopolo china ikangowombera), ndipo chiphaso chake chimatha pa zaka 5. Raifo siilowa pamenepa. Gawo 15 ndi la wosaka kapena wowombera masewera mwa apo ndi apo: zaka 10, mfuti zosapitirira zinayi kuphatikizapo ya gawo 13 ngati ali nayo, ndipo raifo kapena shotigani yodzikoka yokha siiloledwa. Gawo 16 ndi la alenje ndi amasewera odzipereka, amene ali mamembala a bungwe lovomerezeka monga SA Hunters, ndipo bungwelo limawalembera umboni. Nthawi zambiri amenewa ndi amene angapemphe raifo kapena shotigani yodzikoka yokha. Mukagulitsa raifo yodzikoka yokha kwa munthu amene alibe umembala umenewu, mwamudyera ndalama ndi miyezi yake pachabe, ndipo adzabwerera kwa inu maso ali gwa.

Kenako muyeseni mfutiyo pathupi. Aiike paphewa maso atatseka, atsegule, muone ngati diso lagwera pamzere. Mayi wamfupi kapena mnyamata amavutika ndi thako lalitali la mfuti, ndipo mfuti yosakwana imamenya tsaya. Ndimakonda kugulitsa .243 imene munthu adzaiwombera mosaopa kusiyana ndi chimfuti chachikulu chimene adzatsinzinira pokhethemula, ngakhale chachikulucho chili ndi phindu lochuluka.

Chachisanu, walipira koma mfuti siichoka

Apa ndi pamene akwathu amadabwa kwambiri. Kasitomala akalipira, mfuti imatsala. Mumaimangirira kapepala ka dzina lake n'kuibwezera m'chipinda chotetezedwa. Iye amatenga fomu ya SAPS 271, pamene sitolo imadzaza mbali yake: mtundu wa mfuti, wopanga, kaliba ndi nambala yake. Nambala imeneyi koperani kuchokera pa chitsulo chenicheni, osati pa katoni, ndipo mnzanu aiwerengenso mokweza. Ziro ndi chilembo O, 1 ndi I, 5 ndi S, zasowetsa anthu tulo. Mukalakwitsa chilembo chimodzi chiphaso chimabwera cha mfuti imene kulibe, ndipo kukonza kwake n'kudikiranso.

Kasitomala amafunika competency ya mtundu wa mfutiyo, kalata yofotokoza chifukwa chimene akuifunira, ndi sefa yovomerezeka ya muyezo wa SANS 953-1 yomangiriridwa ku khoma kapena pansi. Zonse amakapereka kwa DFO, kenako n'kudikira miyezi. Musamulonjeze tsiku. Adzakuimbirani foni kangapo ngati kuti inu ndi amene mumadinda ziphaso, inu muzingomukumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Muuzeninso pachiyambi pomwe zimene sitolo yanu imachita pempho likakanidwa, kaya kubweza ndalama, kaya kudulapo zina, kaya kulipiritsa posunga, ndipo zikhale zolembedwa.

Khadi la chiphaso likafika, ikani zinthu zitatu pamodzi pa kauntala: khadilo, chitupa cha mwini wake, ndi mfuti. Nkhope igwirizane, nambala igwirizane, kaliba igwirizane. Uthenga wa pafoni wonena kuti pempho lavomerezedwa si chiphaso. Mkazi wake, mwana wake, dalaivala wake sangamutengere. Lembani mu kaundula, asayine, ndipo mfuti ituluke ili m'chikwama chophimba yonse, chifukwa lamulo sililola kuyenda nayo poonekera. Asanatuluke muuzeni ziwiri: apemphe kuwonjezera chiphaso kutatsala masiku osachepera 90 kuti chithe, pa fomu ya SAPS 518(a), ndipo mfuti ikabedwa kapena kutayika akanene ku polisi pasanathe maola 24.

Chachisanu ndi chimodzi, zipolopolo, ndi nkhani ya chibale

Zipolopolo amagula ndi khadi la chiphaso, ndipo za kaliba ya mfuti yolembedwa pa khadilo basi. Munthu wamba saloledwa kusunga zopitirira 200 pa mfuti iliyonse imene ali nayo chiphaso. A gawo 16 malire amenewa sawakhudza. Bokosi lililonse lotuluka limalembedwa mu kaundula wa zipolopolo nthawi yomweyo, osati "ndilemba ndikapuma".

Mayesero aakulu pa ntchitoyi sachokera kwa achifwamba, amachokera kwa anthu okudziwani. Tsiku lina ndikuweruka ndinapeza bambo wina wa kumudzi kwathu akundidikira pa malo okwerera matakisi. Tinapatsana moni wautali, za maliro, za mvula, za mtengo wa feteleza. Kenako anafika pa mfundo.

"Achimwene, anyani atha chimanga kumudzi. Malume anu ali ndi shotigani yakale ija koma makatiriji akusowa. Mabokosi awiri okha, ndiika pansi pa katundu, basi ya Loweruka ku Park Station."

Ndinati, "Akulu, chiphaso cha malumewo ndi cha ku Malawi. Kuno sichigwira ntchito, ndipo inu mulibe chilichonse. Akakugwirani nazo pa Beitbridge kapena pa Mwanza, funso loyamba adzafunsa kuti munazitenga kuti."

"Ndiye mwasanduka mzungu eti? Chibale ndi fupa, sichiola."

Ndinawagulira chakumwa, ndinawapatsa ya transipoti, makatiriji sindinawapatse. Anakhala miyezi osandiyankhula. Mabokosi ali ndi manambala a gulu limene anapangidwira, kaundula amawerengedwa, ndipo apolisi amabwera kudzayendera sitolo. Kutulutsa mfuti kapena zipolopolo m'dziko muno kumafuna chilolezo cha apolisi akuno, ndipo kuzilowetsa ku Malawi kumafuna chilolezo cha kumenekonso, osanenapo za Zimbabwe ndi Mozambique zimene basi imadutsamo. Konzekeranitu yankho lanu lero, chifukwa pempho limeneli lidzabwera, ndipo lidzabwera ndi munthu amene munadya naye m'mbale imodzi.

Chachisanu ndi chiwiri, tinthu ting'onoting'ono

Mfuti imakopa anthu kulowa, koma sitolo imadya pa zinazi. Wogula raifo adzafuna sikopu, galasi loonera patali lomangirira pamwamba pa mfuti, ndipo 3-9x40 imakwanira alenje ambiri a m'tchire la mitengo. Onetsetsani kuti mphete zomangira zikugwirizana ndi thupi la sikopu, chifukwa ena ndi a inchi imodzi, ena 30 mm, ndipo mphete zotchipa pa sikopu wodula ndi kumanga ng'ombe ndi luzi lofumbwa. Pomanga siyani mpata wokwanira pakati pa diso ndi galasi. Mukaona mlenje ali ndi chipsera chozungulira pa nsidze, dziwani kuti wina anamumangira pafupi. Muuzeni akayese ku malo owomberera pa mamita 100 ndi zipolopolo zomwezo zimene adzasakire, asanapite ku famu.

Zotseka m'makutu musazitenge ngati zokakamiza munthu kugula. Kulira kwa mfuti kumawononga makutu mosabwerera, ndipo alenje akale ambiri amene mudzawatumikire mudzayenera kuwalankhula mokweza. Onjezani magalasi oteteza maso, lamba wonyamulira, chikwama, ndodo yopukutira ndi mafuta. Sefa igulitseni tsiku loyamba lomwelo, poti pempho siliyenda popanda iyo.

Mfuti za mpweya zosafika 5.6 mm sizifuna chiphaso, ndipo akwathu amazikonda. Komabe auzeni kuti kulozetsa munthu mfuti yotereyi popanda chifukwa chomveka ndi mlandu, chimodzimodzi kuiwombera pakati pa nyumba za anthu. Si yoopsezera nayo anzanu pa yadi ku Turffontein.

Pomaliza, kukana ndi kutseka

Mudzaphunzira kuona zinthu. Awiri alowa, wa chiphaso ali chete, winayo ndi amene akusankha ndi kutulutsa ndalama. Wina akununkha mowa. Wina akufunsa mmene angapezere mfuti lero lomwe, akutchula mkazi amene wamuthawa, manja akunjenjemera. Simukakamizidwa kugulitsa. Musakangane naye, nenani kuti mukufuna kufunsa abwana, pitani kuseri mukawauze zimene mwaona. Ndipo kunja kwa ntchito, pakamwa pakhale potseka: pa takisi, ku tchalitchi, pa Facebook, musatchule tsiku limene katundu amafika, kumene makiyi amakhala, kapena kasitomala amene ali ndi mfuti zingati kunyumba. Ine yunifomu ndimavulira ku ntchito komweko.

Madzulo chitseko chikatsekedwa, mfuti zonse zimabwerera kumalo ake otetezedwa, ndipo timawerenga anthu awiri, wina ali ndi kaundula, wina akugwira mfuti imodziimodzi n'kutchula nambala. Kenako mabokosi a zipolopolo, kaliba ndi kaliba. Chiwerengero chikaperewera ngakhale ndi bokosi limodzi la .22, palibe amene amapita kwawo mpaka lipezeke. Tsiku lina tinalifuna mpaka mdima, matakisi a ku renki ya Bree atayamba kusowa, ndipo tinalipeza litagwera kuseri kwa shelefu ya masokosi.